Chiwindi pa sikani: zomwe makina amaona ndi zomwe saona

Munthu akatuluka m'chipinda chounikira pa chipatala cha boma ku Salima kapena ku Nkhotakota, amatuluka ndi mizere itatu kapena inayi ya Chingerezi m'buku lake la kuchipatala. Mawu onga "coarse liver", "splenomegaly" ndi "ascites" amafika kumudzi opanda womasulira, ndipo abale amayamba kupezera okha tanthauzo. Wina ati ndi mowa, pamene wodwalayo kachasu sanamulawepo. Wina ati ndi khansa, wina ati anachita kumudyetsa. Kuno kunyanja chisokonezochi chili ndi gwero lake: matenda awiri osiyana kotheratu, cirrhosis (zipsera za mnofu wa chiwindi) ndi likodzo la m'matumbo, amatha kutupitsa mimba ndi kusanzitsa magazi mofanana. Ukamuona wodwala ndi maso sungawasiyanitse, koma pa sikani kawirikawiri amasiyana, ndipo tsogolo la odwala awiriwo silifanana.

Chiwindi ndi msewu wa magazi

Chiwindi chili kumanja, kunsi kwa nthiti, ndipo cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Chimapanga ndulu yogayira mafuta, chimasunga shuga, chimasungunula mankhwala ndi mowa, chimapanga albumin, puloteni amene amagwira madzi kuti asatuluke m'mitsempha, komanso zinthu zoundanitsa magazi munthu akavulala.

Chofunika kuchimvetsa bwino ndi njira ya magazi. Magazi onse ochokera m'matumbo ndi m'kapamba sapita kumtima mwachindunji. Amasonkhana mu mtsempha umodzi waukulu wotchedwa portal vein, nalowa m'chiwindi, ndipo magawo atatu mwa anayi a magazi olowa m'chiwindi amadzera njira imeneyi. Amene anaonapo sikimu ya mpunga ya Lifuwu kapena ya Bua sangavutike kumva: pali ngalande yaikulu imene imagawika m'timingalande, timingalandeto n'kumathirira mapuloti. Ngalande ndi mitsempha, mapuloti ndi mnofu wa chiwindi umene umagwira ntchito. Zinthu zingaonongeke pawiri. Timingalande tingatsekeke mapuloti ali bwinobwino, kapena mapuloti enieniwo angaume n'kusanduka chigulugulu, n'kufinya timingalande todutsamo. Konsekonse madzi amabwerera m'mbuyo n'kufuna pobowola.

Zizindikiro, ndi chifukwa chake zimachedwa

Chiwindi n'chopirira mopitirira muyeso. Gawo lalikulu likhoza kuonongeka munthu akupalasa bwato ndi kulima monga mwa masiku onse. Zoyamba kumveka ndi zimene aliyense amazitcha malungo: kufooka, kusafuna kudya, mseru, kulemera kumanja kunsi kwa nthiti.

Chikasu ndicho anthu amachidziwa. Maselo ofiira a magazi akatha ntchito amatulutsa utoto wachikasu wotchedwa bilirubin, umene chiwindi chimautaya kudzera mu ndulu. Ukachuluka, zoyera za m'maso zimasanduka zachikasu. Pa khungu lakuda muziyang'ana m'maso ndi kunsi kwa lilime, ndipo muziyang'ana panja masana, osati ndi tochi ya foni. Mkodzo umadera ngati tiyi wopanda mkaka. Njira ya ndulu ikatsekeka, chimbudzi chimayera ndipo thupi limayabwa usiku wonse popanda zidzolo. Komabe chikasu ndi chizindikiro chabe, si dzina la nthenda. Malungo aakulu amabweretsa chikasu chifukwa amaswa maselo ambiri nthawi imodzi, chiwindi chili chabwino.

Matenda akakula, mimba imadzaza madzi ("ascites" ija), mapazi amatupa, pamene manja, mapewa ndi nkhope zikuwonda. Kapamba amakula kumanzere ("splenomegaly" ija) mpaka kumveka ndi dzanja. Munthu amatuluka magazi m'nkhama kapena kamfuno pafupipafupi.

Pali zinayi zosadikira kuti kuche: kusanza magazi; chimbudzi chakuda bii ngati phula, chonunkha moipa; kusokonekera mutu, kugona usana n'kumachezera usiku, manja akunjenjemera; ndi kutentha thupi kapena kupweteka kwa m'mimba mwa munthu amene ali kale ndi madzi m'mimba. Onjezanipo chikasu mwa mayi woyembekezera, ndi chikasu mwa munthu amene wayamba kumene mankhwala a TB, chifukwa isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide onse angathe kupweteka chiwindi. Woteroyo abwerere kuchipatala tsiku lomwelo.

Sikani imagwira ntchito bwanji

Makina a sikani sajambula ngati kamera, ndipo alibe cheza cha X-ray. Amagwiritsa ntchito mawu. Mukafuna kudziwa kuti mu mgolo mwatsala madzi ochuluka bwanji mumagogoda m'mbali, khutu n'kusiyanitsa pamene pali madzi ndi pamene palibe. Makinawa amachita zomwezo, koma ndi mawu osamveka ndi khutu. Khutu la munthu limalekeza pa mafunde 20,000 pa sekondi, pamene kachipangizo kogwira m'manja kounikira m'mimba, kotchedwa probe, kamatumiza mafunde pafupifupi 3.5 miliyoni pa sekondi, kenaka n'kumvetsera obwerera. Dokotala wa ku Glasgow, Ian Donald, ndi anzake ndiwo anaonetsa mu 1958 kuti njirayi ingasiyanitse chotupa cha madzi ndi chotupa cholimba m'mimba.

Malamulo owerengera chithunzi ndi ochepa. Madzi sabweza mawu, choncho amaoneka akuda: magazi m'mitsempha, ndulu m'kathumba kake, madzi a m'mimba. Mnofu umabweza pang'ono, umaoneka wotuwa. Mwala, fupa, mpweya ndi zipsera zimabweza kwambiri, zimaoneka zoyera, ndipo kuseri kwa mwala kumagwa mthunzi wakuda. Mpweya ndiye mdani wamkulu. N'chifukwa chake amapaka jelo pakhungu, kuti pasakhale mpweya pakati pa probe ndi thupi. N'chifukwa chakenso amakuuzani kuti musadye kwa maola 6 mpaka 8. Mukadya, kathumba ka ndulu kamafinyika n'kubisa timiyala, ndipo matumbo amadzaza mpweya wotchinga chiwindi. Madzi akumwa pang'ono ndi mankhwala a tsiku ndi tsiku salepheretsa, koma wa matenda a shuga afunse kaye momwe angachitire ndi mankhwala ake.

Wounika amakugonekani chagada, dzanja lamanja pamwamba pa mutu kuti nthiti zitakasuke, n'kukuuzani kuti mukoke mpweya ndi kuugwira, kuti chiwindi chitsike pansi pa nthiti. Nthawi zina amakutembenuzirani kumanzere. Chiwindi chabwino chimaoneka chotuwa mofanana paliponse ngati ufa wosefa bwino, kunja kwake kosalala, nsonga yake yakuthwa, kuwala kwake kofanana ndi impso yakumanja kapena kuposerapo pang'ono. Pali miyeso imene ounika ambiri amayendera kwa munthu wamkulu: chiwindi chisapitirire masentimita 15 kapena 16 poyeza motsata mzere wotsika kuchokera pakati pa fupa la m'khosi lakumanja, portal vein asapitirire mamilimita 13, kapamba masentimita 12 kapena 13, njira yaikulu ya ndulu mamilimita 6, khoma la kathumba ka ndulu mamilimita 3. Miyesoyi imasuntha pang'ono malinga ndi msinkhu ndi thupi la munthu. Komanso m'dera la malungo ngati lathu, kapamba wokulirapo amapezeka mwa anthu ambiri amene chiwindi chawo chilibe vuto.

Hepatitis: nthenda imene sikani ingaiphonye

Hepatitis ndi kutupa kwa chiwindi. Tizirombo toyambitsa tili ndi mayina a zilembo. A ndi E timadzera m'madzi ndi chakudya choipitsidwa ndi chimbudzi. Timabweretsa chikasu cha masabata angapo ndipo ambiri amachira, kupatula kuti E ndi woopsa kwa amayi oyembekezera. B ndi C timadzera m'magazi ndipo timatha kukhazikika zaka zambiri.

Wa B ndiye wofunika kumudziwa kuno. Baruch Blumberg anapeza chizindikiro chake m'magazi mu 1965, ndipo chimenecho ndicho amayeza lero ndi kadontho ka magazi a pachala, pa dzina la HBsAg. Msinkhu umene munthu watengera kachiromboka ndiwo umagamula zambiri. Mwa makanda otenga pobadwa, pafupifupi 9 mwa 10 amakhala nako moyo wonse, pamene mwa akuluakulu oposa 9 mwa 10 thupi limakachotsa lokha. Ndiye ambiri amene apezeka nako ali ndi zaka 35 anakatenga ali ana, kwa mayi pobadwa kapena kwa ana anzawo kudzera m'zilonda. Izi n'zofunika kuzinena m'banja mkangano usanabuke. Kamafalanso pogonana, pobwerekana lezala, ndi potema mphini anthu angapo ndi lumo limodzi. Sikafala podyera mbale imodzi kapena popatsana moni wa pamanja. Malawi anayamba kupereka katemera wake mu 2002, mkati mwa jekeseni wa matenda asanu amene ana amalandira pa masabata 6, 10 ndi 14. Obadwa chaka chimenechi chisanafike ambiri sanalandire.

Pa sikani, munthu wa hepatitis B wa zaka zambiri akhoza kukhala ndi chiwindi chooneka bwinobwino. Ngakhale pa chikasu chadzidzidzi, chithunzi chimatha kungosonyeza chiwindi chokulirapo, choderapo, ndi khoma la kathumba ka ndulu lokhuthala. Choncho "normal liver" m'buku sizitanthauza kuti mulibe kachirombo. Zili ngati nyumba ya chiswe m'denga: ukaima pabwalo mitengo imaoneka yamphumphu. Chouza zoona ndi magazi: HBsAg, ALT ndi AST zosonyeza kuti maselo akuonongeka, ndi chiwerengero cha ma platelet, timaselo toundanitsa magazi. Madokotala amaphatikiza AST ndi ma platelet kupeza nambala yotchedwa APRI, yothandiza kuyerekeza kukula kwa zipsera popanda makina odula.

Mankhwala alipo. Tenofovir, piritsi limodzi pa tsiku, amapondereza kachiromboka ngakhale sakachotseratu. Mankhwala omwewa ali mu ma ARV amene ambiri akumwa m'dziko muno, kotero munthu wa HIV ndi hepatitis B akasiya ma ARV mwadzidzidzi, chiwindi chimatha kutupa koopsa. Hepatitis C, amene anadziwika mu 1989, tsopano amachizika ndi mapiritsi a masabata 12.

Cirrhosis: pamene mapuloti enieni auma

Chiwindi chikamavulazidwa chaka ndi chaka, kaya ndi hepatitis B, C, mowa kapena mafuta, pamalo pa maselo akufa pamabwera zipsera. Maselo otsala amayesa kumeranso koma amamera timibulu tozingidwa ndi zipsera. Mkhalidwe umenewu ndiwo cirrhosis, dzina limene dokotala wa ku France, René Laennec, anapereka mu 1819 potengera mtundu wofiirira wa chiwindi chotere.

Wounika amayamba ndi kunja kwa chiwindi. Mzere umene unayenera kukhala wosalala umaoneka wa mabampu ngati khungu la chinanazi, makamaka pakakhala madzi akuda ozungulira amene amaonetsa m'mphepete bwino. Mkati mumaoneka mokhakhala ngati mgaiwa, ndipo pamenepa ndi pamene amalemba "coarse". Mbali yakumanja imafota, yakumanzere imakula, nsonga imabuntha. Mitsempha yotulutsa magazi kupita kumtima imapyapyala. Kenaka amafufuza zotsatira za kutsekeka: portal vein wotambasuka, kapamba wamkulu, mitsempha yokhotakhota pafupi ndi kapamba, ndi madzi. Sikani imaona madzi ochepa ngati theka la kapu, pamene dzanja la dokotala limayamba kuwazindikira akapitirira lita imodzi. Makina okhala ndi Doppler amaonetsanso ndi mitundu komwe magazi akulowera. Matenda akakula, magazi mu portal vein amayenda pang'onopang'ono kapena kubwerera kumene.

Mawu akuti "coarse liver" paokha si chigamulo. Amadalira diso la wounika ndi mmene makina awatcherera, ndipo cirrhosis yoyamba kumene imatha kusaoneka n'komwe.

Wa cirrhosis amafunika kusiyiratu mowa, kuchepetsa mchere kwambiri (kuphatikizapo nsomba zokoleza mchere ndi timakyubu tokometsera ndiwo), ndi kupewa bulufeni, diclofenac ndi asipirini, amene amaononga impso ndi kuyambitsa kutaya magazi. Panado ndi wabwinoko, koma mlingo wa munthu wathanzi wa mapiritsi 8 a 500 mg pa tsiku ndi wochuluka kwa iye. Ambiri amauzidwa kusapitirira theka lake. Madzi a m'mimba amachepetsedwa ndi spironolactone, ndipo akafika pobanikitsa amapopedwa ndi singano. Amabwereranso, chifukwa kupopa sikutsegula ngalande. Pa za mankhwala a zitsamba, mabanja ambiri amayenda njira zonse ziwiri, ndipo chothandiza ndi kuuza dokotala mosabisa zomwe wodwala wamwa, popeza chilichonse chomwedwa chimadutsa m'chiwindi chomwecho chofookacho.

Likodzo la m'matumbo: pamene ngalande zokha zatsekeka

Tikati likodzo, ambiri amaganiza za mwana wokodza magazi. Limenelo ndi la Schistosoma haematobium, ndipo limakhala m'mitsempha ya chikhodzodzo. Pali lina, Schistosoma mansoni, losakodzetsa magazi, limene limakhala m'mitsempha ya matumbo. Nyongolotsi za likodzo anazipeza ndi Theodor Bilharz ku Cairo mu 1851. Mtundu uliwonse uli ndi nkhono yake: wa chikhodzodzo umakulira mu Bulinus, wa m'matumbo mu Biomphalaria, kankhono kaphwatalala kokonda madzi odekha a m'madambo, m'ngalande za mpunga ndi nzimbe, ndi m'mabango. Mu 2017 ofufuza anapeza nkhono za Biomphalaria m'mphepete mwa nyanja ya Malawi m'boma la Mangochi, kenaka anapeza likodzo la m'matumbo mwa ana asukulu a kumeneko.

Timphutsi timatuluka mu nkhono n'kuboola khungu la munthu amene akuwoka mpunga, kukoka khoka, kuchapa kapena kusamba. Tikakula, yaikazi imaikira mazira mazana angapo pa tsiku. Ena amatuluka ndi chimbudzi, ena amakokoloka ndi magazi kulowa mu portal vein n'kukakamira m'timitsempha ta m'chiwindi. Thupi limazinga dzira lililonse ndi chipsera. Pakatha zaka 10 kapena 20 za kulowa m'madzi omwewo, mitsempha imakutidwa ndi khoma lokhuthala loyera. Dokotala William Symmers, amene ankagwira ntchito ku Egypt, analongosola zimenezi mu 1904, nati chiwindi chotere ukachidula chimaoneka ngati wasomekamo timipope ta kaliwo wadothi.

Pa sikani chithunzichi n'chodziwika kwa amene anachizolowera. Mtsempha ukadulidwa chopingasa umaoneka ngati mphete yoyera yokhala ndi kadontho kakuda pakati. Ukaonedwa m'litali umaoneka ngati mizere iwiri yoyera yokhuthala, kanjira kakuda kali pakati. Khoma la kathumba ka ndulu limakhuthala popanda ululu, mbali yakumanzere ya chiwindi imakula, kapamba amakula kwambiri, nthawi zina mpaka kupyola pa mchombo. Koma pakati pa mizere yoyerayo mnofu umaoneka wabwino, ndipo kunja kwa chiwindi kawirikawiri kumakhala kosalala. Akatswiri amene anakumana ku Niamey, m'dziko la Niger, mu 1996 mothandizidwa ndi WHO anagwirizana zilembo zoyezera: A ndi chiwindi chabwino, B ndi timadontho toyera tosatsimikizika, C ndi mphete ndi timipope, D ndi chipsera chokhuthala pamene portal vein agawikira, E ndi zigamba zoyera zolowerera mkati, F ndi mizere yofika mpaka kunja kwa chiwindi ngati zala za mbalame. Mukaona "periportal fibrosis" m'buku, akunena zimenezi.

Kusiyana kwake ndi cirrhosis n'kwakukulu. Pano mapuloti ndi amoyo. Munthu sakhala ndi chikasu, sasokonekera mutu, magazi ake a ALT ndi albumin amatha kutuluka bwino, ndipo amagwira ntchito zake. Choopsa chake ndi kuthamanga kwa magazi obwerera m'mbuyo. Amafuna njira zachidule, ndipo imodzi imadzera m'mitsempha yopyapyala ya kummero, kunsi kwenikweni pafupi ndi chifu. Mitsemphayo imafufuma, tsiku lina n'kuphulika. Msodzi wa zaka 28 amene dzulo anali pa nyanja akhoza kusanza magazi odzaza beseni popanda chenjezo. Akafika msanga, n'kuikidwa magazi, mwayi wake wopulumuka ndi wokulirapo kuposa wa cirrhosis, chifukwa chiwindi chake chikadali ndi mphamvu.

Sikani siona bwino mitsempha ya kummeroyo. Imafuna kamera yolowetsa pakamwa, endoscopy, imene imapezeka ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe amatha kumanga mitsemphayo ndi timphira. Mapiritsi a propranolol amachepetsa mphamvu ya magazi mu portal vein, koma amafuna kumwa tsiku lililonse osadumphitsa. Praziquantel, pa mlingo wa 40 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi, womwa utadya, amapha nyongolotsi. Zipsera zoyamba, makamaka mwa ana, zimatha kuchepa. Zokhwima za E ndi F sizibwerera kwenikweni. Ndipo mankhwalawa sateteza mawa: wobwerera m'dambo lomwelo amatenganso.

Chovuta n'chakuti munthu mmodzi akhoza kukhala ndi zonse: likodzo la paubwana, hepatitis B, ndi kachasu pamwamba. Zikatero chithunzi chimasakanikirana, ndipo ngakhale wounika waluso sangagawe kuti chaononga kwambiri ndi chiti. N'chifukwa chake aliyense wopezeka ndi "periportal fibrosis" ayenera kuyezedwanso HBsAg.

Mafuta m'chiwindi

"Fatty liver" ndi mawu amene akuchuluka m'mabuku a anthu a pa tawuni. Chiwindi chimawala kuposa impso yakumanja, makoma a mitsempha amazimiririka, ndipo mbali yakuya imada chifukwa mawu amathera m'njira, ngati tochi mu nkhungu. Zoyambitsa ndi kunenepa, matenda a shuga ndi mowa. Ambiri samva kanthu, ndipo kuchepetsa thupi ndi gawo limodzi mwa 10, kusiya mowa ndi zakumwa zotsekemera kumabweza zinthu. Mwa ochepa mafutawa amatupitsa chiwindi n'kufika ku cirrhosis, ndipo sikani wamba sitha kuloza kuti ochepawo ndi ati.

Zotupa: si zonse zili khansa

Kathumba ka madzi, cyst, kamaoneka kakuda bii, kozungulira, khoma lopyapyala, kuseri kwake kowala. Kawirikawiri n'kosaopsa. Haemangioma, kamulu ka timitsempha, imaoneka yoyera, ya malire omveka, nthawi zambiri yosapitirira masentimita 3, ndipo m'chiwindi chathanzi amangoisiya.

Chithupsa cha m'chiwindi n'china. Munthu amatentha thupi, amamva ululu kumanja wofika mpaka pa phewa, ndipo ukadina pakati pa nthiti amalumpha. Chimodzi mwa zoyambitsa ndi kachirombo ka amoeba kochokera m'madzi ndi zakudya zauve. Pa sikani pamaoneka dzenje loderapo, kawirikawiri limodzi, mbali yakumanja, m'kati muli zoyandama. Metronidazole amachiza ambiri, ndipo chachikulu kapena chofuna kuphulika amachipopa ndi singano akuyang'ana pa sikani; mafinya ake amatuluka ofiirira ngati chokoleti. Dzenjelo limatha kuonekabe miyezi ingapo munthu atachira, choncho kulipezanso si umboni woti mankhwala alephera.

Khansa yoyambira m'chiwindi, hepatocellular carcinoma, m'maiko athu ano imagwira anthu a zaka za m'ma 30 ndi 40, ndipo gwero lake lalikulu ndi hepatitis B. Pali china chowonjezera moto chimene chili m'nkhokwe zathu. Chuku cha mtundu wa Aspergillus, chomera pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino, chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Anadziwika nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England mu 1960 zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Aflatoxin ndi hepatitis B zikakumana mwa munthu mmodzi, chiopsezo chimachulukana kwambiri. Kuphika ndi kukazinga sikumupha. Zizolowezi ziwiri n'zofunika kuziunikanso: kuwaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa, ndi kusankha wabwino wokagulitsa n'kusinja wofota ndi wachuku kukhala nsinjiro za pakhomo.

Pa sikani khansayi ikakhala yaing'ono imaoneka ngati kabulu koderapo. Ikakula imasakanikirana zoyera ndi zakuda, imakankha mitsempha, ndipo nthawi zina imalowa mu portal vein n'kumutseka. Lamulo la ounika ndi lakuti chotupa cholimba chilichonse choposa sentimita imodzi m'chiwindi cha cirrhosis chitengedwe ngati khansa mpaka zitatsimikizika kuti si iyo. Kutsimikiza kumafuna kuyeza magazi a AFP, puloteni amene amatha kuchuluka pa khansayi, ndi CT scan, makina aakulu ojambula m'kati mwa thupi ndi X-ray, atathira mankhwala m'mitsempha. Zotupa zambirimbiri zozungulira ngati diso, m'chiwindi chimene si cha cirrhosis, kawirikawiri ndi khansa yochokera kwina: m'matumbo, m'chifu, m'bere. Malangizo a akatswiri ndi akuti wa cirrhosis aziunikidwa miyezi 6 iliyonse, chifukwa chotupa chopezeka chili masentimita 2 chili ndi njira zochizira zimene cha masentimita 12 chilibe.

Pamene vuto silili m'chiwindi

Madzi m'mimba sachokera ku chiwindi nthawi zonse. Mtima ukafooka, magazi amadikha m'chiwindi. Sikani imaonetsa mitsempha yopita kumtima yotambasuka, yosafinyika munthu akakoka mpweya. TB ya m'mimba, makamaka mwa anthu a HIV, imaonetsa madzi okhala ndi timaulusi toyandama, timitsempha ta anabele totupa kuposa sentimita imodzi ndi theka pafupi ndi msana, ndi timadontho takuda m'kapamba. Imeneyi imachizika, ndipo kuisokoneza ndi cirrhosis n'kutaya moyo wa munthu pachabe. Kuyeza madzi opopedwawo kumathandiza kusiyanitsa. Kwa wa chikasu, funso loyamba la wounika ndi loti kodi njira za ndulu zatambasuka. Zikatambasuka, pali chotseka, kaya mwala kaya chotupa, ndipo nkhaniyo ndi ya madokotala a opaleshoni. Miyala ya m'kathumba ka ndulu imaoneka yoyera, ya mthunzi kuseri, ndipo imagubuduka wodwala akatembenuka.

Mafunso amene akadali poyera

Makina ang'onoang'ono olumikiza ku foni kapena tabuleti akutsika mtengo, ndipo n'zotheka kuti sikani izifika m'zipatala zing'onozing'ono za ku Chipoka, Khombedza kapena Benga. Ena akuti azachipatala ophunzitsidwa kwa masabata ochepa angapulumutse ambiri pongodziwa kuona madzi, kapamba ndi mphete za likodzo. Ena akuopa mayina a matenda olembedwa molakwika, amene amakakamira munthu m'buku zaka zambiri. Maphunziro okwanira ndi otalika bwanji, ndipo zithunzizo aziziunikanso ndani?

Praziquantel amagawidwa kwambiri kudzera m'sukulu, pamene amene zipsera zawakhwimira ndi asodzi, alimi a mpunga ndi amayi ochapa kunyanja, amene sali m'kalasi. Afikiridwe bwanji, kangati pa chaka, ndipo kodi n'koyenera kuunika akuluakulu onse a m'midzi ya m'mbali mwa madambo asanasanze magazi?

Pa hepatitis B, WHO imalimbikitsa katemera woyamba pasanathe maola 24 mwana atabadwa, ndipo mu 2024 inafewetsa malamulo kuti anthu ambiri ayambe tenofovir. Izi zikutanthauza kuyeza amayi onse oyembekezera ndi kusunga mankhwala osatha kwa anthu amene alibe HIV, ndipo ndalama zake ndi funso losayankhidwa mokwanira m'maiko ambiri a kuno. Palinso lina lolemera kwa madokotala ndi mabanja omwe: kuunika wa cirrhosis miyezi 6 iliyonse kumapindula ngati chotupa chopezekacho chili ndi kochichotsera, pamene kwa mlimi wa ku Lifuwu ulendo wa makilomita oposa 100 wopita ku Lilongwe, malo ogona womudikirira ndi mzere wa CT scan ndi mbali ya chithandizo chomwecho.